Utsi wa Fodya ndi Motoka ya ku Kabulonga

Wokondedwa mwana wanga Esnati,

Amene akukulembela ndine, Injiniya Wamkulu wa Kabwata yonse, amene sanagwilepo sipanala. Kuno tili bwino, kupatula bondo langa limene likali kukangana nane. Kaya inu kumeneko?

Nkhani ndi ya mwana wako Tisa, amene ufuna kumuchotsa ku galaji kuti akaphunzile unesi. Sabata yatha bwana wina wa ku Kabulonga anabweletsa ku galajiko, ine ndili pomwepo, motoka yofiila yampikisano, injini yake yowonjezela mphamvu. Kanyali kochenjeza kanali kuyaka osaleka. Kompyuta imaloza sensa, kachipangizo koyeza mpweya, magalaji atatu anaikamo yatsopano, koma kanyali kamabwelanso.

Tisa anamvetsela injini, nati, "Agogo, sensa sikunama, pali pamene mpweya ukuloŵela mozemba. Yatsani fodya wanu uja amakuletsani amayi." Ndinauzila utsi m'paipi yoloŵetsa mpweya mu injini, ndipo tonse tinauona ukutuluka pa kamng'alu kobisika kunsi. Anasintha paipiyo, anayendetsa motokayo mpaka ku Lilayi, kanyali zii! Amakanika aamuna anangokanda mitu.

Esnati, mafomu a unesi aja usatumizenso. Mwanayu akuchilitsa kale, kungoti odwala ake ndi a mawilo anayi. Umuimbile foni umuuze wekha kuti wachita bwino, chifukwa mau amene akudikila ndi ako. Ine unditumizileko mankhwala a bondo. Mulungu akusunge.

Ndine atate ako,
Yelesani Mbewe

Pamodzi pokha ndanama: amene anauzila utsi ndi mlonda wa pagalaji. Ine fodya ndinasiya, monga ndinakulonjeza kasanu konse.