Amene Anaswa Kaligo wa Bambo

Al Asmakh, Doha
14 Okutobala 2016

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Mwendo uja ukupeza bwanji? Achemwali anandiuza kuti masiku ano mukuyendera ndodo, komanso kuti mankhwala a m'maso mukumaiwala kuthira. Musamatero, Bambo. Ine kuno ndili bwino. Kutentha kwayamba kuchepa ndipo ntchito ikuyenda.

Mudabwa kuti kalata ndi yachiyani pomwe timalankhulana pa foni mwezi ndi mwezi. Pa foni ndimangofunsa za mvula ndi za mbuzi, kenako mawu amandithera. N'chifukwa chake ndapempha Mussa, mnzanga wa ku Salima amene akubwera ku tchuthi, kuti adzasiye pepalali m'manja mwa achemwali ku Mitundu.

Achemwali anga a Esnart, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera Bambo. Chonde muwerenge zonse monga ndalembera. Mukafika pamene sipakukusangalatsani, musadumphe.

Bambo, ine ndikuphunzira kuimba vayolini. Ndi kaligo wa Azungu, wa nsambo zinayi, woikidwa paphewa. Uta wake amaupaka utomoni monga munkachitira inu.

Monga mudziwa, ndine mlonda pa nyumba ina yaitali ku Al Dafna. Ndimaimirira pageti maola khumi ndi awiri. Anthu amadutsa mazanamazana, koma tsiku limatha popanda wonditchula dzina. Akafuna kanthu amangoti sekyurite, basi.

Chaka chatha mu Malichi ndinkayendera masitepe masana. Nditafika pa nsanjika ya 14 ndinamva wina akuimba kuseri kwa chitseko. Ndinaima. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji, koma chitseko chinatseguka, mayi wina wachikulire wachizungu n'kutuluka kukataya zinyalala. Anandipeza ndili chiimire. Ndinati basi, akandinenera kwa supavaiza.

Iwo anangofunsa ngati phokoso lawo likusowetsa anthu mtendere. Ndinati ayi, kungoti bambo anga kwathu ankaimba choimbira chonga chimenecho, cha nsambo imodzi. Bambo, chibadwire ndinali ndisanauzepo munthu zimenezo mwa kufuna kwanga.

Dzina lawo ndi Mayi Bernadette, namwino wochokera ku Ireland. Anandifunsa zambiri za inu: kaligo amapangidwa ndi chiyani, mumaimba pati, anakuphunzitsani ndani. Nditanena za chikopa cha ng'azi anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anafunsa ngati inenso ndimaimba. Nditakana, anati Loweruka pa nthawi yanga yopuma ndikawapeze pansi poimika magalimoto.

Mlonda saloledwa kulowa m'nyumba za anthu, choncho sukulu yathu inali kachipinda ka mapampu a madzi. Masabata oyamba vayoliniyo inkalira ngati nkhumba yomwe ikufulidwa. Mayiwo sankakwiya. Ankangondiwongola chigongono n'kunena kuti ndiyambirenso.

Mu Disembala kontirakiti yawo inatha. Zala zawo zinali zitayamba kale kuuma ndi nyamakazi, ndipo anati kwawo ali ndi vayolini ina imene mwina sadzaigwiranso. Iyi anandisiyira. Anandipatsanso kamemori kadi koika mu foni. Mawu amene ananena ndikuwakumbukirabe: “Kwathu nyimbo zimenezi munthu saimba yekha. Koma poti iwe kuno uli wekha, tenga anthu awa.”

M'kamemori kadimo muli anthu atatu amene anajambulidwa akuimba m'chipinda china ku Ireland. Wina ali ndi gitala, wina kang'oma kogwira m'manja, wina chitoliro. Malo a vayolini anawasiya dala opanda munthu, kuti wophunzira alowepo. Nyimbo iliyonse ilimo katatu: yapang'onopang'ono, yapakatikati, ndi ya liwiro lake lenileni. Zina amazitcha majigi, zimayenda modumphadumpha. Zina ndi marili, zimathamanga ngati njinga yopanda mabuleki pa mtsetse.

Nyimbo isanayambe, bambo wina amawerenga mpaka folo kuti mulowere pamodzi. Sindikumudziwa dzina kapena nkhope. Pa nyimbo yachisanu ndi chinayi amatsokomola asanawerenge, ndiye ine ndinangomutcha a Chifuwa.

Lachisanu ndilo tsiku langa lopuma. M'chipinda mwathu timagona anthu asanu ndi mmodzi. Masana anzanga amatuluka, ena ku mzikiti, ena kukayenda m'mbali mwa nyanja. Ine ndimatseka chitseko, ndimapanikiza mapegi a zovala pa vayolini kuti isamveke kutali, ndimaika kachingwe ka foni m'khutu limodzi, n'kuyamba.

Anthu amenewa ndi abwino, Bambo. Ukalakwitsa sakuseka ndipo sakalipa. Koma sakudikiranso. Ukatsalira amangopitirira mpaka kumapeto ngati palibe chachitika. Nyimbo ikatha kumangomveka makina oziziritsa m'chipinda. Pena ndimadzipeza ndikuwapatsa moni a Chifuwa.

Tsiku limene ndinamaliza rili yoyamba pa liwiro lake osaphonya, ndinatembenuka kuti ndione ngati wina wamva. Munali mayunifomu okhaokha atapachikidwa pa misomali.

Tsopano ndifike pa chimene ndakulemberani.

Mu Julayi, nthawi imene kuno kumatentha moti chitsulo cha geti sungachigwire, kampani inanditumiza kukalondera kwina masiku anayi. Vayolini ndinaisiya m'bokosi lake pamwamba pa kabati, pafupi ndi windo. Ndili komweko makina oziziritsa aja anawonongeka. Nditabwera n'kutsegula bokosi, ndinapeza khosi la vayolini litachoka pa thupi lake, nsambo zili lendelende.

Pa bedi la pamwamba panga pamagona Conrad, dalaivala wa ku Chipata. M'chipinda monse ndi iye yekha amene timamvana chilankhulo, ndipo tinkaphika ndi kudyera limodzi. Koma ankakonda kudandaula za phokoso langa, ndipo tsiku lina ananena moseka kuti kanthu kameneka adzakasonkhera moto. Sindinafunsenso kawiri. Ndinamuloza chala pamaso pa onse kuti waswa ndi iye.

Analumbira kuti sanaikhudze. Sindinamve. Ndinachotsa mbale yanga pa shelefu yathu, ndinayamba kudya ndekha nditayang'ana kukhoma. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi sindinamulankhule. Lachisanu likafika ndinkamvetserabe anthu anga aja, manja ali pa maondo, malo a vayolini ali pululu.

Kenako wina anandilozera kasitolo ku Al Doha Al Jadeeda, kwa mkulu wina wokonza zoimbira za Aluya. Nditamupatsa vayoliniyo anaitembenuza, anayendetsa chala pamene panachoka khosi, n'kunena kuti mafi mushkila, kutanthauza kuti palibe vuto. Anandionetsa kuti thabwa silinang'aluke paliponse. Anati palibe munthu anaiswa: guluu anangosungunuka ndi kutentha.

Ndinatuluka n'kukhala pansi pa sitepe ya sitoloyo, dzuwa lili pamutu. Sindinkaganiza za Conrad. Ndinkaganiza za Amayi.

Bambo, kaligo wanu ndinaswa ndine.

Munali mu 2003, ndili Fomu 2. Mukukumbukira tsiku lotsekera sukulu? Munamva kumsika kuti ndakhala nambala 3, munabwera molunjika ndi kaligo m'manja, mutalawako pang'ono. Munaima pageti la sukulu n'kuyamba kuimba nyimbo yotchula dzina langa. Lero ndikudziwa kuti chinali chimwemwe. Tsiku limenelo ndinangoona anzanga akugwa ndi phwete, atsikana akundiloza, aphunzitsi akubisa nkhope. Ndinathawira kuseri kwa makalasi. Tisanafike n'komwe kunyumba anali atanditcha kale dzina lakuti Kaligo.

Loweruka lake inu munapita ku maliro kutsidya. Amayi anali kudimba, achemwali kuchigayo. Kaligo uja ndinamuchotsa pa msomali paja, ndinapita naye kuseri kwa khola, ndinamuponda mpaka kuphwanyika. Zidutswa ndinaponya m'chimbudzi pamodzi ndi uta.

Mutabwera munati waswa ndi Amayi, chifukwa ndi iwo ankadandaula kuti kaligo akukusungani pa mowa. Anakuuzani kamodzi kokha kuti sanamukhudze. Miyezi iwiri simunadye chakudya chawo. Ankhoswe atabwera munanena pamaso pa malume a Tabu kuti mlongo wawo ndi mkazi woipa mtima. Kuyambira pamenepo a kuchikazi anasiya kuponda pakhomo pathu, kupatula pa maliro a Amayiwo.

Zonsezi zikuchitika ine ndinali pakhonde, kope lili pa miyendo, ngati ndikuwerenga. Ndinkati ndinena mawa.

Simunapangenso wina. Munati ameneyo anali wa atsibweni anu, ndipo dzanja lanu silingazolowere wachilendo. Ndinkakuonani madzulo mutakhala pa mpando, zala zikungoyenda pa bondo. Ndinkayang'ana kumbali.

Ndikuganiza kuti Amayi ankadziwa. Sanandifunsepo, koma tsiku limene ankhoswe anabwera anandiyang'ana nthawi yaitali ndikusamba m'manja. Mu 2011 ali gone m'chipatala ndinakhala nawo masana onse, tili awiriwiri. Ndinapita nditatsimikiza mtima kuti ndipepesa. M'malo mwake ndinawafotokozera za pasipoti yanga. Patapita masiku atatu anatisiya.

Ine vayolini yanga ndinangokhala nayo miyezi isanu ndi iwiri, ndipo itawonongeka ndinkalephera kumeza chakudya. Inu kaligo munakhala naye zaka makumi atatu. Ndinali ndisanaganizepo kuti ndinakulandani chiyani, mpaka tsiku limene ndinakhala pa sitepe paja.

Nditabwerera kuchipinda ndinapeza Conrad akusita yunifomu. Ndinamupepesa pamaso pa onse, monga momwe ndinamunamizira pamaso pa onse. Anzathu atatuluka ndinamuuza nkhani yonseyi. Ndi munthu woyamba kuimva. Sanasiye kusita. Atamaliza anati, m'kalankhulidwe kakwawo: “Amai ako sungawauze, anapita. Koma mdala akali moyo. Manje uyembekeza cani?”

Ndayembekezabe miyezi iwiri ndi theka. Kalatayi ndi yachinayi; zitatu ndinang'amba.

Vayolini anaikonza, ndipo tsopano ndimaisunga pansi pa bedi. Majigi ndi marili ndikudziwa khumi ndi anayi. Koma masabata apitawa ndakhala ndikuzimitsa foni n'kumayesa nyimbo zanu. Zikundivuta. Ndimakumbukira poyambira pokha, pakati pamandisokonekera. Ya dzina langa ija ndimangoidziwa theka, chifukwa ndinathawa musanaimalize.

Ndili ndi mapempho awiri, ngakhale ndikudziwa kuti sindiyenera kupempha kanthu.

Loyamba ndi ili. Ngati mtima wanu ungalole, tsiku lina muimbe nyimbo zanu pakamwa, achemwali ajambule pa foni n'kunditumizira. Musadandaule kuti mawu anakalamba. Muimbe pang'onopang'ono, ndipo musanayambe mugogode ndodo pansi kanayi kuti ndidziwe polowera. Ndatopa kuimba ndi anthu amene sakudziwa kuti ndilipo.

Mukakana limeneli ndimvetsa. Mukafuna kuti ndisiye kukuimbirani foni kwa kanthawi, achemwali angondiuza, ndidzasiya.

Koma lachiwirili musakane, Bambo. Muitanitse malume a Tabu, akhale pansi pakhomo panu, muwauze kuti mlongo wawo sanakhudze kaligo. Ngati mawu akakuvutani, achemwali akawawerengere kalata yomweyi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Akafuna kutukwana, muwapatse nambala yanga. Amayi anagona ndi mlandu wanga zaka zisanu tsopano, ndipo amene angawachotsere ndinu ndi ine.

A Esnart, pepani kuti katundu ameneyu ndamutula pakamwa panu. Mukamaliza kuwerenga musawasiye okha Bambo. Mukhale nawo pang'ono, ngakhale atakuuzani kuti muzipita.

Kontirakiti yanga ikutha mu Juni chaka chamawa. Ndikufuna kubwera ndi vayoliniyi, koma sindidzalowa nayo pakhomo musananene inu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa azakhali a kutsidya. Muwauze a Eveless kuti chithunzi cha mwana wawo ndinachiona, wafanana ndi agogo ake. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu m'mwendomo, ndipo mvula ya chaka chino ikugwereni bwino.

Ndine mwana wanu amene anakhala chete,

Stafford