Mpando wa G-14

Lolemba, 3 Epulo 2023

Kalata yafika nthawi ya 10:40, ili ndi chidindo cha belu pakona. Akuti Bungwe la Belu Lamkuwa, lija la ophunzira osankhika pa utsogoleri pakoleji yathu, landisankha ine Lorraine Petrasek kukhala membala wolemekezeka, chifukwa cha zaka makumi atatu ndi zinayi zimene ndinatumikira mulaibulale. Ndaiwerenga kanayi. Dzina alilemba molondola, ndipo zimenezo zikungowonjezera kukayika kwanga.

Papita zaka makumi asanu. Akufunanji tsopano?

Lachitatu, 5 Epulo

Ndilembe mwadongosolo, mutu ungandinamize. Mu Epulo 1973 ndinali m'chaka chachitatu. Mwambo wake, umene ndamva kuti sunasinthe, ndi wotere: a chaka chachitatu amakhala m'holo, aliyense pampando wa nambala yake. Mamembala amalowera kumbuyo atavala mikanjo yakuda, aliyense nakagwira phewa la munthu mmodzi. Khumi ndi awiri basi.

Doris Vandermolen, amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, anali kale membala. Anandinong'oneza kuti, "Lorrie, Lachisanu uvale diresi labwino, ndipo makolo ako abwere." Bambo anasiyira mnansi ng'ombe zawo, nayendetsa galimoto maola anayi ali ndi Mayi. Mikanjo inadutsa. Phewa langa silinakhudzidwe. Anagwira Nancy Holm, munthu wosadziwa n'komwe kumene khomo la laibulale linayang'ana. Bambo anangoti, "Diresi lakukhala, mwanangu," nabwerera kukakama mkaka.

Tsiku lomwelo ndinasamuka m'chipindamo. D. atadzagogoda sindinatsegule. Makalata ake asanu ndi awiri ali m'kabati, omata monga anafikira.

Lachinayi, 6 Epulo

Kunabwera wapampando wawo, mtsikana wotchedwa Kendra Oyelaran, atanyamula keke ya maapulo. Ndinamufunsa amene anapereka dzina langa.

"Zimenezo n'zachinsinsi, Mayi Petrasek. Ndikaulula andidula makutu."

"Mukufuna nyumba yanga ndikamwalira?"

Anaseka mpaka kutsamwa ndi khofi. "Ayi ndithu, mayi, tikufuna inuyo! Kungoti membala watsopano aliyense amagwira ntchito yodzipereka maola khumi. Tili ndi makatoni asanu ndi anayi a mapepala akale, palibe amene amawatha."

Eya, nkhani yake ndi imeneyo. Akufuna wosanja mapepala waulere. Ndavomera, koma osati chifukwa cha iwo. M'makatoni amenewo muli chaka cha 1973.

Keke sindinailawe.

Loweruka, 8 Epulo

Keke ija ndadya. Sinamoni wokometsera uja anachuluka.

Lachiwiri, 11 Epulo

Maola anayi m'chipinda chawo chapansi. Atsogoleri a mawa amasunga zikalata pamodzi ndi mbale zapepala. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Agogowa amatiyang'ana ngati tabweza buku mochedwa." Mnzake anati, "Agogo omwewa anathamangitsa amayi anga mulaibulale chifukwa cha chingamu, mpaka lero amawaopa." Ndikuwakumbukira. Anamata chingamucho pansi pa tebulo lachitatu.

Mabuku a zokambirana alipo kuyambira 1961, onse, kupatula la 1973. K. akuti liyenera kuti lilipo penapake. Ananena mosaphethira. Mwina anamuphunzitsa bwino.

Lachitatu, 12 Epulo

Ndalipeza m'katoni ya zokongoletsera za Khirisimasi. Ndikukopera liwu ndi liwu:

"Wosankhidwa: L. Petrasek, mavoti onse. Wopereka dzina: D. Vandermolen. Mpando: G-14. Pa tsiku la mwambo, pa G-14 panakhala N. Holm, ndipo wogwira, popeza amapatsidwa nambala yokha, anagwira iyeyo. Mwa lamulo, phewa likagwiridwa sizibwezedwa, ndipo chiwerengero sichipitirira khumi ndi awiri. D. Vandermolen anatsutsa, navula mkanjo, natuluka."

Ndinayang'ana ngati tsambalo linachita kulowetsedwamo pambuyo pake. Ulusi wa bukulo ndi wakale lomwe. Inki ndi yofanana ndi ya masamba oyandikana nalo, kalembedwe kamodzimodzi. Ndinaliyang'ananso pawindo.

G-14 unali kuseri kwa chipilala. Bambo ndi Mayi anakhala pakhonde la m'mwamba, ndipo kumeneko sakanandiona. Ndinapempha Nancy kuti tisinthane. Ndine ndinapempha. Ndinamupatsanso switi.

Lachisanu, 14 Epulo

Ndatsegula kalata yoyamba ya D. Mzere woyamba: "Lorrie, chitsiru iwe, unasunthiranji?"

Mawu achipongwe. Makalata enawo ndawabwezera m'kabati.

Lachiwiri, 18 Epulo

Maola khumi akwana, makatoni onse ali ndi zizindikiro. Ndinafunsanso K. za wopereka dzina. Anati, "Mayi, mukanakhala wapolisi bwenzi ndende zitadzaza." Ngati ndi D., akufuna ndikapepese pamaso pa anthu. Ngati si iye, ndiye kuti mwina anamwalira, ine osadziwa. Sindinafufuze. Ndasita diresi labuluu pokonzekera mwambo wa Lachisanu.

Lachisanu, 21 Epulo

Khadi limene anandipatsa pakhomo linati G-14. Chipilala chikadalipo. K. anabwera nati, "Mayi, pano simuona kanthu, tikuikeni kutsogolo?" Ndinamuyankha kuti ngakhale holo iyake moto, ine sindisuntha.

Belu linalira. Kumbuyo kunamveka mapazi ambiri opepuka, akumwazikira uku ndi uku, ana akukuwa ndi chimwemwe pogwiridwa. Ndinawerenga: khumi, khumi ndi mmodzi, khumi ndi awiri. Kenaka zii. Ndinagwira chikwama changa, ndili wokonzeka kutuluka mwaulemu monga ndinachitira kale.

Ndiye ndinamva ndodo. Go, go, pang'onopang'ono, kutsika mzere ndi mzere. Dzanja linatera paphewa langa, lolemera.

"Nambala ndaiyang'ana katatu," anatero mawu kumbuyo kwanga. "Ndiwedi, Lorrie, kapena wagulitsanso mpando ndi switi?"

Ndinati, "Wachedwa, Doris."

"Sendera, iwe, mawondo anga atha."

Panopa ali kukhitchini kwanga, akadali mumkanjo wobwereka. Wapeza makalata asanu ndi imodzi otsalawo, akuti andiwerengera yekha mokweza. Akuwang'amba ndi mpeni wa batala. Ndikupita kukamupatsa mpeni woyenera.