Mpopi wa Agogo a Chipewa

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GULU LA ACHINYAMATA ODZIPEREKA

Tsiku: Loweruka, pa 9 Okutobala
Malo: Kachipinda ka kuseri kwa holo
Opezekapo: Wapampando, Wachiwiri, Mlembi, Msungichuma, Nesi, Sipanala
Opepesa: Wamtali, ali ku mayeso
Osapezeka popanda mawu: Dijeyi, monga mwa masiku onse

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana ndipo Nesi anapemphera. Zolembedwa za msonkhano wapita zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa, ngakhale Msungichuma anadandaula kuti Mlembi amathira mchere wambiri. Mlembi analonjeza kuchepetsako.

2. Kosunga zipangizo

Wachiwiri anati eni holo akufuna kachipinda kano mwezi uno ukamatha, akuti aikemo mipando yothyoka. Motero wilibala, makwerero, mafosholo ndi mabulashi a penti zilibe kopita. Mamembala atafunsidwa, zinapezeka kuti aliyense amagona kwa makolo kapena m'nyumba ya lendi. Wachiwiri anati mayi ake ananeneratu kuti wilibala ikangolowa pakhomo pawo, iye ndi wilibalayo atulukira limodzi. Nkhaniyi inaikidwa kaye pambali.

3. Mpopi wa agogo a Chipewa

Wapampando anakumbutsa komiti lamulo la gulu: Loweruka m'mawa timapita kukagwira ntchito m'nyumba za anthu osowa wowathandiza, ndipo ntchito ikatha timasamukira kwina. Anati nyumba ya agogo a Chipewa, mkulu uja anali makaniko wa mabasi amene akazi ake anamwalira chaka chatha, tinaimaliza kalekale. Koma Loweruka lililonse kumabwera uthenga woti mpopi wapanja ukuchucha, ndipo Sipanala, yemwe akuphunzira za mapaipi, amathera m'mawa wonse kumeneko. Anafunsa ngati vuto ndi mpopi kapena mmisiri.

Sipanala anayamba wafunsa ngati mawu ake alembedwa. Atauzidwa kuti inde, anakanda m'mutu kwa nthawi, kenaka anati mpopi ulibe vuto. Anafotokoza kuti m'kati mwake mumakhala kalabala kotseka madzi, ndipo kalabalako sikathawa kokha. Iye akaika katsopano n'kumanga, mlungu winawo amapeza mulibe, koma mutu wa mpopi uli womangidwa bwino kuposa mmene amamangira iye.

Msungichuma anafunsa kuti wadziwa liti. Sipanala anati pa ulendo wachiwiri. Atafunsidwa chimene anakhalira chete, anati tsiku limenelo anapeza pakhonde posesedwa, mipando iwiri ndi makapu awiri zili poyera, agogo atavala malaya osita. Anati ntchitoyo ndi ya kanthawi kochepa, nthawi yotsalayo amakhala akumva za injini za mabasi ndi za mmene agogo anakumanirana ndi akazi awo, ndipo nkhani yachiwiriyi tsopano angathe kuifotokoza yekha.

Msungichuma anati chimenechi n'chinyengo, ndipo anapempha kuti mawu akuti chinyengo alembedwe. Alembedwa. Anakumbutsa komiti za mayi wa ana atatu wa kuseri kwa msika, amene denga lake lili ngati sefa pomwe mvula yayandikira, koma akudikirabe chifukwa tilibe manja okwanira. Mlembi akuvomereza kuti apa Msungichuma sananame, ndipo aliyense anayang'ana pansi.

Wapampando anapereka ganizo loti nyumba ya agogo isapitidwenso, komanso kuti uthenga wa mpopi usamayankhidwe.

Nesi, amene ali pa sukulu ya unamwino, anatsutsa. Anati galu wamkota sakandira pachabe. Ana a agogo ali kutali ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo, moti mlungu wonse munthu wogogoda pachitseko chija ndi Sipanala yekha. Ngakhale mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi amawakumbukira akafunsidwa. Kenaka anati, “Lero ndi mpopi. Tikasiya kupita, adzaona kuti mpopi wachepa, adzakwera padenga kukazula lata. Akadzagwa, tidzapita tonse, koma mochedwa.”

Panali kukangana kumene Mlembi sanathe kukulemba konse. Pokweza manja, Wapampando, Wachiwiri ndi Msungichuma anavomereza ganizolo. Nesi, Sipanala ndi Mlembi anakana. Mlembi sayenera kulemba zakukhosi kwake, koma zinamumvetsa chisoni kuti munthu wamkulu chotere achite kuwononga mpopi wake kuti apeze wocheza naye.

Manja atafanana chonchi mbali zonse ziwiri, Wachiwiri anafunsa Sipanala ngati galaja ya kuseri kwa nyumba ya agogo ikadali yopanda kanthu. Sipanala anati muli tebulo la makaniko ndi akangaude basi, ndipo loko wake ndi wabwino. Wachiwiri anati ndiye bwanji zipangizo zathu zikakhale kumeneko. Msungichuma anati malamulo salola membala wopitirira zaka makumi atatu ndi zisanu. Nesi anayankha kuti malamulowo sanena kanthu za zaka za galaja.

Chigamulo: Komiti yonse inagwirizana kuti ntchito kwa agogo yatha, ndipo Loweruka likubwerali gulu lonse, kuphatikizapo Sipanala, lipita ku denga la mayi uja. Agogo apemphedwe kusunga zipangizo. Msungichuma anavomera pokhapokha mpopi utasiya kudwala.

4. Zina ndi zina

Tisanasankhe wokawapempha, kunamveka kugogoda. Anali agogo a Chipewa eni ake, atavala jekete ndi tayi, thukuta lili kamukamu. Anali atadikira m'mawa wonse osaona munthu, chifukwa Wapampando anali ataletsa Sipanala kupitako nkhaniyi isanakambidwe.

“Pepani ana anga, ndakusokonezani,” anatero. “Mpopi uja wayambanso.”

Palibe anayang'ana mnzake. Wapampando anaimirira n'kuwapatsa mpando wake. Za mpopi sanatchule. Anati, “Agogo, mwabwera bwino, ife ndi amene tili pa mavuto. Atithamangitsa muno ndipo zipangizo zilibe kogona. Kodi simungatisungire m'galaja mwanu?”

Agogo anafunsa kuti tizidzazitenga liti. Wapampando anati Loweruka lililonse, m'mawa potenga ndi madzulo pobweza, ndipo tizibwera ndi phokoso lathu lomwe. Agogo anafunsa ngati ndi lililonse ndithu. Anayankhidwa kuti ndi lililonse. Anayang'ana wilibala ili pakona n'kunena kuti gudumu lake likufunika girisi, ndipo makwerero aja sangalole mwana wa munthu kukwerapo asanawamange.

Kenaka anavula chipewa, chinthu chimene palibe mwa ife anachionapo. M'kansalu ka m'kati mwake anatulutsamo tulabala takuda, n'kutiika patebulo pamaso pa Sipanala.

“Tenga, mwana wanga. Ukaikemo kamodzi, totsalato usunge. N'tabwinobwino tonse.”

Msungichuma, amene salola ngakhale msomali kudutsa osauwerenga, sanatiwerenge. Anangofunsa agogo ngati amwa mapiritsi awo lero, ndipo atamva kuti ayi, anadzipereka kuwaperekeza.

5. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka, pa 6 Novembala, 2 koloko masana, m'galaja mwa agogo, amene tsopano ndi Wosunga Zipangizo. Iwo anati mipando iwiri siikwana, choncho aliyense abwere ndi pokhala. Makapu akuti alipo ambiri, angoti atsukidwe fumbi.

6. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano 4 koloko itadutsa pang'ono. Sipanala anatsogola ndi wilibala, agogo ali pambuyo kumuuza mmene aziikankhira.

Wasaina: ____________________ Wapampando

Wasaina: ____________________ Mlembi