Cholembera cha Mtengo wa Amayi Ako

Wokondedwa mdzukulu wanga Chinatsu,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Sapporo, ndipo chisanu sichinakudule makutu. Ukudya koma? Pa maliro paja ndinaiona mikono yako, inali ngati timitengo todyera mpunga. Kuno tilipo. Mawondo anga ndi omwe aja. Anthu akolola. Ine ndimadzuka, ndimaphika, ndimatsuka mbale, kenako ndimangoona kwada.

Chichitikireni maliro a amayi ako sindinalire. Anthu akuti ndine wolimba mtima. Bodza. Ndili ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yaitali, ukautsina sumva kanthu.

Koma nkhani ndi ya agogo ako aamuna. Anasiya kulankhula. Amangokhala patsogolo pa chithunzi cha amayi ako, Harue, lubani n'kumafuka mpaka kuzima. Mpunga amangoutembenuza m'mbale. Lamba ndawaboolera kale bowo lina. Adokotala akuti sakupeza nthenda. Tsiku lina ndinawauza kuti ngati akufuna kumutsatira mwanayo anene, ndisamavutike kuphikira anthu awiri. Sanandibwezere. Munthu amene ndakangana naye moyo wanga wonse! Pamenepo ndinadziwa kuti akupitadi.

Ukuukumbukira mtengo wa kiri kuseri kwa nyumba? Anaubzala iwowo amayi ako atangobadwa, monga amachitira wobereka mwana wamkazi, kuti pokwatiwa audule amupangire kabati ya zovala. Harue anakwatiwira ku tauni, nati chikabati chotero sichingalowe m'kanyumba kawo. Mtengo unangotsala n'kumakula. Nthambi yomwe mphepo inathyola chaka chatha inali itauma m'shedi.

M'mawa wina ndikupereka tiyi, ndinangomva mawu. Ndinayang'ana kukhomo, kuyesa kwabwera mlendo. Anali iwo. Amati akufuna makina aang'ono osemera, ozunguza mtengo aja, kuti nthambi ija aisemere zolembera, apatse onse amene anabwera pa maliro. Amati Harue, pauphunzitsi wake wonse, ankabaya cholembera m'tsitsi n'kumachifunafuna nyumba yonse.

Alongo awo, a Fukiko, atamva anabwera ndi ambulera ngakhale kunalibe mvula. Anati achimwene mwapenga kodi, mphatso yothokozera anamalira imakhala yotha, tiyi, sopo, masamba a m'nyanja, kuti chisoni chithere limodzi nayo. Anati chinthu chokhalitsa ndiko kusiya maliro m'nyumba za eni. A Fukiko amalankhula ngati wailesi yosowa pozimitsira, koma apa ananena zoona, ndipo tiyiyo ine ndinali nditatumiza kale.

Komabe tinakwera basi kupita ku tauni. Makina awo aakulu aja, osemera mbale za msuzi, ukudziwa kuti anapereka kwa anthu phewa litayamba kuvuta.

Mwini sitolo, bambo wadazi wa mawu okoma ngati uchi, anationetsa makina atatu. Oyamba anali opepuka, oti n'kunyamula kukhwapa. Agogo ako anaikapo dzanja akuzungulira, n'kuchotsa msanga. Anati makina ovina satulutsa chinthu choongoka, makamaka kamtengo kowonda ngati chala.

Kenako anakhala pansi, pasimenti penipeni. Wadaziyo anati agogo, awa amagwiritsa ntchito munthu ataimirira. Iwo anati munthu amasema atakhala, woimirira ndi wodikira basi. Wadaziyo anatsitsa yekha makinawo pansi, thukuta lili kamukamu padazi.

Achiwiri anali okongola, okhala ndi kabatani kopotokola ukafuna liwiro. Wadaziyo anawatama kwambiri, amati ali duu ngati mphaka wogona, oyandikana nafe sadzadziwa n'komwe. Achitatu anali akale, achitsulo cholemera, liwiro lake losintha posuntha lamba ndi manja. Atawayatsa, magalasi a sitolo ananjenjemera.

Agogo ako anayesa onse awiri ndi chikhatho. Anati onse ndi okhazikika, onse amathamanga mokwanira mtengo wofewa. Atatero nkhope ija inazimanso ngati nyali. Anati sankha iwe, zonse n'chimodzimodzi.

Ndinaloza aphokosowo. Wadaziyo anandifunsa mwaulemu ngati makutu anga akumva bwino. Ndinamuuza kuti mwanawe, makutu angawa amva chete wokwanira, manga katunduyo.

Iyeyo sindinamuuze, koma iwe ndikuuza. Ndikakhala kukhitchini nyumba ili zii, ndimayenda chonyang'ama kukasuzumira ngati phewa lawo likukwerabe ndi kutsika. Ndatopa nako kusuzumirako. Ndinafuna chinthu choti chizindiuza ndili pomwepo.

Ndipo chinandiuza. Makinawo tinawaika m'shedi, koma amabangula mpaka mbale kugundana m'kabati. Utuchi uli paliponse, m'tiyi, m'nsidze mwawo, pa chithunzi cha amayi ako. Kiri ndi wofewa kwambiri, zolembera zoyamba zinkang'aluka mtengo ukapyapyala pa kapaipi ka mkuwa kam'kati. Ndinamva akutukwana tchizulo, kachitsulo kawo kosemera. Nditawaseka anati nkhalamba iwe, chokapo, ukunditchingira kuwala. Tsiku limenelo anadya mbale ziwiri.

Tsopano zolembera zatheka. Azindanditsa pafupi ndi chithunzi. Wozilandira palibe. Anamalira sitingawapatse, ndipo a Fukiko anabisa manja kumbuyo ngati tikuwapatsa njoka. Dzulo agogo ako anafunsa, osayang'ana munthu, kuti nanga akusemera ndani. Makina sanalire tsiku lonse. Lero sanalirenso. Ndayambanso kusuzumira.

Ndiye m'kaphukusi aka muli cholembera chimodzi, chomwe ndikulembera kalata ino. Ukaona zilembo zokhotakhota mlandu si wake, sukulu yanga ukuidziwa. N'chopepuka ngati mulibe kanthu. Pafupi ndi kumapeto pali kabala kakuda, pomwe nthambi inali ndi mfundo.

Sindikunamiza, mwanangu. Sichidzatha ngati tiyi. Nthawi iliyonse ukachigwira udzagwira mtengo umene unabzalidwa amayi ako ali m'matewera, ndipo mwina a Fukiko akunena zoona kuti chisoni chidzakhala m'nyumba mwako. Ine mwambo sindinauphwanyepo, koma chisonicho ndikuona kuti chilipo kale, tiyi tamwa koma sichinasunthe.

Ngati sungathe, ubweze, sindidzakuimba mlandu. Koma ngati ungathe, uwalembere nacho agogo ako aamuna. Usawafunse za thanzi, sayankha. Uwauze kuti n'chonenepa kwambiri, kapena chikuterera m'zala, chilichonse, uwanyoze ndithu monga ankachitira amayi ako, ndipo uwalamule asemenso china. Nthambi idakalipo yaitali.

Undiperekere moni kwa mwamuna wako Shuji, umuuze kuti ndaona sakukudyetsa. Mizimu ya makolo ikusunge, uzivala zofunda m'khosi. Ine ndikhala kukhitchini kuno, khutu lili kushedi.

Ndine agogo ako,
Tsuyako