Ubweya wa amake Rkia

Lachitatu, 5 Malichi
Masiku makumi anayi akwana chimwalirire mkazi wanga. Tsiku lathu lomaliza linali ngati masiku onse. Amake Rkia anandibweretsera buledi, mafuta a azitona ndi tiyi kuchipata cha nkhalango yomwe ndimalondera. Agwape atatu kumtsinje, anyani m'mwamba akuwagwetsera makoko. Ine kutsonya. Iwo kuseka: "Mumadana ndi agwapewa chifukwa anabwera pa lole. Nanga ine, abambo, sindinabwere pa lole?" Kwawo kunali kuchigwa. M'mawa mwake sanadzuke.

Loweruka, 8 Malichi
Mkulu wa alonda, wotchedwa Si Allal, anatiitana. Agwape ochokera kutsidya kwa nyanja aja akutha nsonga za mbande zomwe tinabzala. Mitengo ikapanda kukula, anyani ndi nguluwe zathu zidzadya chiyani? Akuti zikapitirira mpaka kutha kwa Epulo, agwape awomberedwa. Kale ndikanavomera msanga.

Lachisanu, 14 Malichi
Mwana wathu Rkia wabwera kuchokera kutauni ya Taza. Zovala za mayi ake tagawira osowa titachoka kumzikiti. Chibangili watenga iye. Matumba awiri a ubweya wa nkhosa wosachapa ndakaniza. Mayi akewo ankafuna kundilukira bulangete. "Baba, ukununkhitsa nyumba yonse," anatero mwanayo. Zoona. Fungo la manja awo.

Lolemba, 24 Malichi
Kumbande. Mzere wonse wadyedwa, kupatula zitatu zapafupi ndi waya, pomwe nkhosa zinasiya ubweya podzikanda. Ndinakumbukira. Amake Rkia ankamanga ubweya pa timikuyu tawo kuseri kwa nyumba. "Gwape ngonyada, sadya pomwe panunkha nkhosa." Ndinkawaseka.

Lachinayi, 17 Epulo
Mbande mazana awiri, iliyonse ndi kampango kake ka ubweya uja. Msana ukuwawa. Nsonga zaphuka, zolumidwa zisanu zokha. Agwape amafika, kununkhiza, n'kubwerera kuudzu. Mkulu wathu Si Allal wayendera mizere yonse, wati mfuti zidikire chaka chamawa. Anafunsa amene anandiphunzitsa. Ndinatchula dzina la mkazi wanga: Tamou. Koyamba kulitchula mokweza. Iye anaika dzanja pamtima.

Mulungu ndamuthokoza. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anandibwereka munthu.

Ubweya watha. Wodzaza dzanja limodzi ndausiya pansi pa pilo. Matumba ndakutumulira pabwalo, mbalame zatola kale zotsala. Bulangete langa lija lafunditsa phiri.