Phazi Langa Lamanzere

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Kuzizira. Kamvula kowaza kuyambira m'mawa, njira za Zolozolo zoterera.

Yafika. Galimoto ya Elton, ija wakhala akuiimba chichokereni pa maliro a bambo ake. Yofiira ngati chilonda. Zitseko ziwiri, mimba pansi, pa hampu ya pa Katoto ikuchita kudutsa cham'mbali. Yadzera ku Dar.

Ndiye kuti Yobiriwira yapitadi. Anaigulitsa Lachisanu kwa munthu wa ku Lilongwe, ine atandituma ku Ekwendeni dala. Galimoto ya malemu bwana Mhone imeneyo, bambo ake a Elton. Zaka 29 ndikuwayendetsa, zaka 17 mwa izo m'Yobiriwira. Nayonso inali yaliwiro, ya zitseko ziwiri, koma ya anthu: ndodo ya magiya, zopondera zitatu. Sindinaitsanzike n'komwe.

Ndasuzumira m'yatsopanoyi. Zopondera ziwiri basi, buleki ndi moto. Pomwe pamakhala kilatchi aikapo kapulasitiki kopumitsirapo phazi. Kupumitsa phazi, pa ntchito. Ndodo palibe. Magiya akuti ndi tizitsulo tiwiri kuseri kwa chiwongolero, ngati makutu a mbewa. Kakumanja kukweza, kakumanzere kutsitsa. Elton akuti: "Amatcha mapadulo, madala. Dziko linapita kale uku." Mwana amene ndinkamupukuta mamina.

Zandinyansa chomene.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Masiku khumi kuti Temwa, mlongo wake wa Elton, alowe m'tchalitchi. Pa 17.

Ndilembe pano kuti mutu usandisokoneze. Chaka chatha kuchipatala bwana anandigwira dzanja. Mawu atatsala pang'ono. "A Msiska, Temwa mukamufikitse nokha ku tchalitchi. Mukamutsegulire chitseko ngati kusukulu kuja." Ndinati yewo bwana. Panalibe wina, ine ndi iwo ndi botolo la madzi lolendewera.

Kusukulu kuja. Sitandade wani, kamwana ka mano awiri, sikatsika m'galimoto mpaka ine nditazungulira kukatsegula. Kankati ndi mmene amachitira amadamu. Belu likulira, iko phee, manja pamiyendo. Mpaka folomu folo sikanasinthe.

Lero Elton wauza komiti ya ukwati kuti mkwatibwi akwera yofiirayi, kutsogolo kwa mdipiti. Ndipo akufuna ya mapadulo, osati kuisiya izisintha yokha, kuti izibangula m'tauni anthu atuluke m'mashopu. Ukwati wa mlongo wake, iye akufuna anthu aone galimoto.

Mawa akuti andiphunzitsa. Kundiphunzitsa ine.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Manyazi.

Msewu wa ku Nkhata Bay, Elton pambali. Poyamba bwinobwino. Kukoka kachitsulo, giya yalowa, osamva kanthu m'dzanja. Kutsitsa giya, injini ikudziliza yokha, vuu, chinthu chimene ine ndinaphunzira zaka zitatu ndi chidendene. Pano achiika m'kabokosi, aliyense wokhala ndi zala angathe. Bwana ankamwa tiyi m'kapu yopanda chivindikiro kutsika mapiri onsewa, malaya oyera, osadontheza. Imeneyo inali ntchito ya phazi langa lamanzere.

Pobwerera, tikuyandikira raundabauti ya pa Katoto. Mutu ukudziwa kuti kilatchi palibe. Phazi silikudziwa. Lanyamuka lokha, lapeza buleki, laponda mpaka pansi monga limapondera kilatchi.

Galimoto yaima ngati yagunda khoma. Foni ya Elton pagalasi, mphuno yake pa dashibodi, lamba sanamange. Magazi pa malaya. Kumbuyo minibasi inatsala chala chimodzi kutilowa, kondakitala kutukwana makolo anga onse.

Elton sanakalipe. Bola akanakalipa. Atagwira mphuno ndi kansalu wangoti: "Madala, mwakalamba. Ian ayendetsa."

Ian. Mnzake uja wa magalasi akuda ndi mvula yomwe.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Anditsukitsa. Tsiku lonse. Kupukuta magazi pampando wa chikopa, kupaka polishi matayala. Dalaivala wa zaka 29 pa ntchito, wopanda ngozi ngakhale imodzi.

Tauni yonse yadzaza ma otomatiki, ndikudziwa. Ndinkawazemba. Bwana ankati imeneyo ndi ya anthu odwala miyendo, ine n'kumaseka nawo. Lero wodwala mwendo ndine.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Phazi pansi pa benchi kumangoponda, kusiya, kuponda. Ndinaliyang'ana ngati la munthu wina.

Lettie, mkazi wanga, wazindikira. Ndamuuza zonse, ndi za kuchipatala zomwe, zimene sindinauzepo munthu. Iye akusenda chinangwa osandiyang'ana: "Bambo a Wiza, munalonjeza munthu wakufa. Wamoyo mukanakapepesa."

Mawu amenewo sakundichoka mpaka pano.

Lolemba, 12 Ogasiti

Temwa wafika kuchokera ku Blantyre. Wandipeza pa geti, wandigwira manja onse awiri. Monire adada. Wawonda ndi zokonzekera.

Anamva kale za Ian. Analowa m'nyumba, chitseko chatsekedwa, mawu kukwera. Ine panja kupukuta galasi loyera kale. Sindinafune kumva koma ndinamva: "Ngati si a Msiska, ndipita pa kabaza ndi diresi langa."

Elton watuluka, pulasitala pamphuno. Wandipatsa mpaka Lachinayi. Kuchoka pano, kuzungulira tauni, kukafika pa tchalitchi, iye pambali. Phazi likangolakwa kamodzi, nkhani yatha, ndipo Temwa wavomera zimenezo. Akuti safuna mlongo wake akalowe m'tchalitchi ndi mphuno ngati yake. Apo sindingamutsutse. Ndi zimene zikundipweteka, kuti mwanayu akunena zoona.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Andilola ola limodzi m'mawa, ndekha, misewu ya kuseri kwa sekondale.

Ndayesa kupinda mwendo, phazi pansi pa mpando. Mphindi khumi, labwerera lokha.

Ndayesa kuvula nsapato kuti likakhudza buleki lizindikire. Lazindikira litaponda kale. Kawiri. Kachiwiri mayi wogulitsa nthochi anathawira m'ngalande, nthochi mbwee. Ndapepesa, ndamutolera.

Ndayesa kulankhula nalo mokweza ngati wamisala. Khala pansi, khala pansi. Likumva ndikamaliganizira. Koma ndikangoona hampu kapena mwana m'mbali mwa msewu, maso apita uko, ilo lanyamuka.

Ndipo galimotoyi ili ndi mwano. Ukachedwa kutsitsa giya imatsitsa yokha, osakufunsa. Ndiye ine ndakhaliranji pamenepa? Yobiriwira ukailakwira inkakuuza, inkanjenjemera, inkazima, mumagwirizana. Iyi kaya ndi ine kaya ndi Ian, kwa iyo n'chimodzimodzi.

Chakudya chamasana chandikanika.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndadula chingwe cha Lettie choyanikira zovala. Cha nayiloni, chabuluu, mkono umodzi. Sanaone.

Mbali imodzi ku chitsulo cha pansi pa mpando, inayo pa kakolo, pamwamba pa sokosi. Mfundo yokoka kamodzi n'kumasuka, ngati ya nsapato. Buluku likuphimba. Phazi likufika pa kapulasitiki kaja, pa buleki ayi.

Ola lathunthu, osalakwa. Linayesa kanayi, chingwe chinaligwira.

Ndasangalala? Ayi. Phazi limene laphunzitsa Wiza mpaka koleji, lamanga nyumba ino, ndalimanga ngati mbuzi ya pamsika. Pomasula ndinayang'ana uku ndi uku ngati wakuba.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndakhoza. Ndinalowa m'galimoto Elton asanatuluke m'nyumba, ndinatsika iye atalowa. Sanaone kanthu.

Tauni yonse, raundabauti zonse, mahampu onse. Ndinamulizira injini pa msika monga amafunira, anyamata a kabaza kuimba mluzu. Iye mano onse panja: "Mwaona, madala? N'zophweka. Ngakhale mwana angathe."

Akuganiza kuti wandiyamikira.

Suti ndaitenga kochapitsa. Lettie akufunsa amene wafupikitsa chingwe chake, akuganizira ana a kwa aneba. Sindinaulule.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndilembe zonse ndisanayambe kudzinamiza.

Dzuwa linawala. Maliboni oyera pa yofiira ija. Ndinamanga phazi anthu ali pa pemphero m'nyumba. Diresi la Temwa kulowa m'kagalimoto kameneka inali nkhondo, azimayi atatu kulipinda, lina mpaka pa dzanja langa. Mpando wakumbuyo ngwa dzina chabe, choncho anakhala kutsogolo, pambali panga. Kumbuyo kwathu galimoto khumi ndi zinayi, mahutala, nthungululu.

Tinayenda bwino. Temwa akuyang'ana kutsogolo. Pa Katoto anati: "Adada akanakhala pano akanadandaula za mtundu wa galimotoyi." Tinaseka pang'ono.

Pafupi ndi msika, wakabaza atanyamula matumba a makala anangolowa, osayang'ana. Phazi lamanja linachita ntchito yake, pang'onopang'ono, mwaulemu. Lamanzere linalumpha ndi mphamvu zake zonse. Chingwe chinagwira. Ululu pa kakolo ngati moto. Galimoto inaima bwinobwino, maluwa a Temwa sanagwedezeke n'komwe. Mumtima ndinati yewo chingwe.

Pa tchalitchi. Anthu mbali zonse, amayi a chigwirizano ndi nyimbo, ojambula atatu. Ndaimitsa pa khomo penipeni. Ndazimitsa. Dzanja pansi, ndakoka nsonga ya chingwe.

Palibe.

Ndakokanso. Kulumpha kuja kunamangitsa mfundo, nayiloni yalumana, yalimba ngati mwala. Zikhadabo zanga zazifupi. Ndafuna kiyi kuti ndidulire, kiyi wa galimotoyi alibe ngakhale mano, kabokosi ka pulasitiki. Thukuta m'maso. Panja nyimbo yafika kumapeto, ayambiranso. Abusa pa khomo ayang'ana wotchi.

Ian wathamanga, magalasi akuda, dzanja pa chitseko cha mkwatibwi. Ndinamva kuti thapu. Temwa wakiya. Wamupukusira mutu pagalasi. Elton wabwera, kugogoda, kulankhula ndi manja. Iye osamuyang'ana.

Anayang'ana pansi, mbali yanga. Buluku linali litakwera. Chingwe chabuluu, sokosi, kakolo wotupa, zonse poyera. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinayamba kunena kuti mwana wanga pepa, tsika, anthu akudikira.

Sanaseke. Anaika manja pamiyendo, ngati sitandade wani. "Musafulumire, adada. Sangayambe popanda ine."

Kenako anasolola pini m'tsitsi, velo n'kupendekeka, nandipatsa.

Mphindi zingati, kaya. Lettie akuti zisanu ndi imodzi. Mfundo inalola. Ndinatsika, phazi lachita dzanzi, silikumva pansi. Ndinazungulira kutsogolo kwa galimoto ndikutsimphina, anthu onse aja akuyang'ana, kachingwe kakukwekwereka kumbuyo chifukwa ndinamasula mbali ya mpando, ya pa kakolo inakana. Ndinamanga batani la jekete. Temwa anatsegula loko. Ndinatsegula chitseko.

Anatsika ngati madamu.

Bwana, ndamufikitsa.

Ku holo sindinapite.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Kakolo watupa, mzere wakuda kuzungulira. Lettie anadula chotsalacho ndi lumo dzulo. Lero walumikiza chingwe chake, chafupika, malaya awiri akuyanika pa mpanda.

Kanema ali pa mafoni a anthu. Wojambula wina anajambulira pagalasi. Wiza wanditumizira kuchokera ku Karonga, sindinatsegule.

Elton anaimba m'mawa. Kuseka kaye, kenako akuti ndine dolo, anzake onse akufuna kundiona. Akuti galimotoyo ndiziiyendetsa ine tsopano, andigulira lamba wabwino wa phazi, wachikopa, womata. Ananena ndi mtima wabwino. Ndi pamene zanyansira.

Ndamuuza kuti yayi. Kiyi wa geti ndikasiya mawa. Phazi ili sindilimanganso.

Lettie anamva. Wafunsa kuti tidya chiyani. Sindikudziwa. Pini ya Temwa ikadali m'thumba la jekete, ndiyenera kukabweza asanabwerere ku Blantyre.

Popita kutchalitchi sindikanatha kuyenda, takwera minibasi. Yakale, yofuka utsi, chitseko chomanga ndi waya. Ndinakhala kumbuyo kwa dalaivala. Pa chitunda chotulukira ku Zolozolo injini inayamba kulemedwa, iye ali pa foni, akuchedwa kutsitsa giya. Phazi langa, lotupa lomwelo, linaponda pansi pa minibasi. Nthawi yake yeniyeni.

Sindinaliletse.