Mafoni Ali M'dengu

Lolemba, 9 Juni
Alile wanga andifera m'manja, ndikuona. Mimba yatupa, yalimba ngati ng'oma. Akusanza zobiriwira. Zaka ziwiri zokha mwana wanga.
Tachoka ku Kaphuka m'mawa pa njinga yamoto kubwera kuno kuchipatala, ine ndi bambo ake, a Gervazio. Chisanu chake! Ndikulemba pa masamba otsala a kabuku kake ka kusikelo. Womuuza ndilibe.

Lachiwiri, 10 Juni
Atiwona a Keith, dokotala wachinyamata. Akadali kuphunzira za opaleshoni. Akuti matumbo apotana, pafunika kung'amba. Koma okha saloledwa kugwira mpeni. Mpaka aphunzitsi awo, a dokotala Ezara, ayime pambali.
A Ezarawo kulibe. Ali ku maphunziro a akuluakulu oyang'anira madokotala ophunzira, mpaka Lachisanu. Si kutali ayi. Pa loji ina m'tauni mommuno.
Ambulansi yoti itipititse ku Lilongwe yagona pa miyala, ilibe matayala.
Madzulo a Ezara anayankha foni ya a Keith. "Pitirizani diripi, ndidzathamangira mawa pa nthawi ya tiyi."

Lachitatu, 11 Juni
Tiyi wamwedwa. Sanabwere.
A Keith ayimba kasanu ndi kawiri ine ndikuona. Ikungoitana.
Amene andiuza chifukwa chake ndi a Magadalena, okolopa m'wodi muno. Mng'ono wawo amaphika kulojiko. Akuti polowa m'holo aliyense amaponya foni m'dengu pakhomo, kuti amvetsere bwino. Ndinafunsa, nanga akuphunzira chiyani choposa mwana? Anaseka chowawa. "Lero akuti mutu wake ndi wokhala pafupi ndi ophunzira ako."
Ine ndinalekeza sitandade 6. Mwina ndiye chifukwa sindikumvetsa.
Potuluka m'holomo a Ezara anangotumiza uthenga: mawa ndithu.

Lachinayi, 12 Juni
Wasiya kulira. Bola muja amalira.
Maso alowa. Ndikamuitana sakutembenuka. Pemphero la korona ndayamba katatu, sindikumaliza.
A Keith avala kale zovala za kuchipinda cha opaleshoni, angoima pakhomo. "Mayi, ndachitapo kanayi, koma iwo ali pambali panga. Akataya magazi ambiri, ndekha sindingathe." Sindikuwada. Nawonso asiyidwa ngati ine.
A Gervazio apita kulojiko wapansi. Alonda awabweza pageti, ati alibe kakhadi kadzina kolendewera pakhosi. Adikire mpaka nkhomaliro. Munthu wofatsa uja, woti salankhula ngakhale pa msonkhano wa mphakati, ndamuuza pafoni: kuwani. Imani pampanda mukuwe dzina la a Ezara mpaka atuluke. Akumangeni ngati akufuna.
Akukuwa. Ndikuwamva m'foni.
A Ezara, nkhope yanu sindikuidziwa. Satifiketi yanuyo sithawa, mukaipeza mawa. Simukufunika kugwira kanthu, mungoima pambali basi. Miyendo yake yayamba kuzizira.
Bwerani, bambo. Chonde bwerani pompano.